Eluby ndi Mbaula ya Magalasi Osweka

Ndayenda malo ambiri, koma nkhani iyi ndinaitola ku Naisi, ndikudya chinangwa chophika m'mbali mwa msewu.

Tsiku limene alonda a nkhalango anamulanda nkhuni ndi nkhwangwa, Eluby anatsika phiri manja ali lende. Anali wamasiye, akulera azing'ono ake awiri ndi geni yophika chinangwa. Popanda nkhuni geni yafa, ndipo achibale anali atanena kale kuti akalephera, anawo awagawana.

Ali khuma pakhonde, anaona kachidutswa ka galasi loonera nkhope kakuponya dzuwa pakhoma. Anatchinga ndi dzanja. Kufunda! Nanga tizidutswa titachuluka, tonse n'kuloza pamodzi?

Anakapempha dishi yakutha ya kanema kwa a Maulidi, okonza mawailesi. Anatolera magalasi osweka m'mashopu ometera n'kumawamata m'kati mwa dishiyo.

"Iwe Eluby, nkhope imodzi yomweyo ukufuna kuiona kangati?" anaseka a Maulidi.

Poyamba madzi ankangofunda. Anamatula, anamatanso, akusunthasuntha chitsulo chokhazikapo mphika, mpaka kuwala konse kunakumana pansi pa mphikawo. Madzi aja bwatabwata, utsi ayi.

Koma kwathu kuno timati galasi limaitana mphenzi. Mai Alima, oyandikana nawo nyumba, anabwera atagwira m'chiuno.

"Mvula ili pafupi, utiphetsa mwana iwe! Chichoke chimenechi!"

Eluby sanakangane nawo. Kukangoda mitambo ankaphimba dishiyo ndi chiguduli, monga timachitira ndi galasi la m'nyumba.

Tsiku lina kuli ngwee, mai Alima anasowa poyanika, nakoleka chitenje chawo chatsopano pachitsulo chija. Posakhalitsa, fungo. Chitenje chabooka pakati penipeni!

Eluby anaganiza kuti tsopano amupirikitsa basi. Mayiwo anasuzumira pachibowocho, kenako anaphulika kuseka.

"Ife kuopa mvula, chikhalirecho mwini moto ndi dzuwa! Tandiuza, nyemba zingapse pamenepa?"

Zinapsa. Lero miphika ya anansi imadikirana pabwalo la Eluby, ndipo ana aja sanagawidwe. Ndinawaona ndi maso angawa akuchokera kusukulu, akulimbirana kutembenuzira dishi kudzuwa.

Inu amene moyo wakuswani, zidutswazo musataye kudzala. Tolani, zilozetseni pamodzi. Osataya mtima, abale anga, dzuwa silisankha khomo.