Kapepala Komwe Kanadutsa Pansi pa Simbi

Pamsewu wathu onse amamutcha Anesi, ngakhale sanagwirepo jakisoni. Dzinali analipata m'kalasi mwanga ali folomu 2, tsiku lomwe mnzake anachekedwa ndi galasi la windo. Ena onse ankangokuwa, iye anang'amba mpango wake n'kumanga balalo. Anali mwana wofatsa, wolemba moongoka, ndipo makope ake ankanunkhira sopo chifukwa ankalembera patebulo losungirapo zovala za anthu.

Mayi ake ndi ochapa ndi kusita. Chipinda chawo n'chimodzi: bedi, tebulo lija, simbi yamakala, ndi chingwe chodutsa pakati pomwe pamalendewera malaya a anthu a m'maofesi. Kwa mayiwa, chinthu chokwinyika n'chamanyazi. "Wosauka azisalala," amatero, "kuti umphawi usamaonekere patali."

Anesi anakhoza bwino mayeso a sekondale, koma womulipirira kukoleji panalibe. Zaka zisanu ndi chimodzi zinatha akutikita makolala a eniake, manja akusupuka, kwinaku akubwereka kwa ine mabuku a sayansi kuti mutu usachite dzimbiri. Chaka chino koleji ina ya anamwino inalengeza malo aulere a ana ochokera m'mabanja osowa, koma osakwana zaka makumi awiri ndi zisanu. Iye anali atatsala ndi miyezi itatu kuti azikwanitse. Mwayi unali womwewo, wina kunalibe.

Mafomu tinadzaza limodzi. Atakapereka, anamupatsa kapepala kopyapyala kotuluka m'kamakina, konga lisiti la m'sitolo, kokhala ndi nambala yake yolembera mayeso olowera. Kalaliki anamuchenjeza kuti popanda kapepalako pageti sadzadutsa. Poopa kutaya, Anesi ankayenda nako m'thumba la siketi mpaka kanakwinyika.

M'mawa wa tsiku la mayeso anakaika patebulo n'kupita kosamba. Mayi ake anali atangomaliza kumusitira bulauzi, simbi ikadali yamoto. Anaona kapepalako kali kokwinyika.

"Mwana wanga akaonetse akuluakulu chinthu chonga chokulungira sopo?" anadzifunsa.

Anadutsitsa simbi kamodzi kokha. Pepala la mtundu umenewo silifuna moto, koma mayiwo akanadziwira kuti? Kanasalaladi, koma konse kanada bii.

Awiriwo anandipeza kunyumba ndikutseka chitseko. Anesi anangonditambasulira kapepalako.

"Nambala unailemba pena?" ndinamufunsa.

Anapukusa mutu. Foni yake ndi yosajambula, ndipo ine sindinaganize zomuuza kuti akopere m'kope.

"Aphunzitsi, tiperekezeni," anatero mayi ake. "Inu mwina akakumverani, ife tikangoti pakamwa yasa amaona ngati tikupempha zochapa."

Pageti la koleji panali mzere wautali. Mlonda, bambo wachikulire wa chipewa chomukulira, anatembenuza kapepalako uku ndi uku.

"Chemwali, ichi n'chiyani? Phiko la mleme?"

"Ndi kapepala kanga ka mayeso, bambo. Kanapsa."

"Ine ntchito yanga n'kuwerenga nambala. Apa ndikuona mdima wokhawokha."

Am'mbuyo anaseka. Mayi ake analowa pakati n'kumugwira mlondayo mkono.

"Achimwene, wolakwa ndine. Ndimati ndimukonzere ndi simbi. Ngati pali chilango ndipatseni ine, mwanayu mulowetseni."

"Mayi, mwasita mpaka tsogolo la mwana? Inu mukhoza kusita ndi madzi omwe." Anaseka, koma ataona nkhope yawo anasiya. "Ndikamulowetsa, mawa ine ndili pamsewu. Dikirani abwana a mayeso, akubwera."

Ndinayesa kufotokoza kuti mwanayu ndinamuphunzitsa ndine, kuti dzina lake lili m'kaundula. Mlondayo anavomera zonse ndi mutu, geti osatsegula. Tinaima pambali anzake akulowa mmodzimmodzi. Anesi ankawerenga mawindo a holo. Nthawi ya 9 koloko tinamva zitseko zikutsekedwa.

Abwanawo, mayi wa magalasi, anatulukira patapita theka la ola. Anatitengera mu ofesi, ndipo dzina analipeza pakompyuta asanakhale n'komwe pampando.

"Ndiwe uyu. Bwanji simunandiitanitse msanga?"

"Ndiye alowe?" anafunsa mayi a Anesi, ataimirira kale.

"Mapepala atsegulidwa, mayi. Wochedwa salowa, lamulo si langa. Adzayese chaka chamawa."

"Chaka chamawa ndidzakhala nditapyola zaka," anatero Anesi, mawu ali pansipansi.

Abwanawo anavula magalasi. "Lemba kalata yodandaula. Ndikaipereka ndekha kwa akuluakulu. Koma sindikukulonjeza kanthu, mwanawe."

Kalatayo tinailembera pomwepo, pa kauntala, ndi cholembera chomwe Anesi anagulira mayeso. Mayi ake anapempha kuti aikepo chidindo cha chala, kuti akuluakuluwo adziwe dzanja lomwe linalakwa.

Papita milungu isanu ndi iwiri, yankho kulibe. Lachisanu lililonse Anesi amayenda wapansi kukafunsa, mlonda uja n'kumutsegulira asanalankhule. Mayi ake chiyambire tsiku lija sakhudzanso simbi. Akuti akaigwira dzanja limachita dzanzi. Malaya a anthu a m'maofesi sadikira, ndiye tsopano akusita ndi Anesi.