Msasa Wolola Galu wa a Marlys

A Marlys Heikkinen sanabadwe ndi matako okhalira pansi. Amene tinawadziwa ali kukhitchini ya sitima zonyamula miyala ya chitsulo pa nyanja ya Superior timakumbukira kuti ngakhale kudya ankadya choimirira, mbale ili m'manja, phazi limodzi litaloza kale kukhomo. Anaphikira amalinyero kuyambira ali mtsikana mpaka imvi zitadzaza mutu. Sitima ikakocheza padoko la tauni ya Duluth ankathamangira kwa achemwali awo, amene ankawalerera mwana wawo Renae, n'kumusiyira chidole ndi maswiti, kenaka maso ali kudoko. Mwanayo ankamukonda, zimenezo palibe angatsutse. Kungoti ankachoka mbale zimene adyera zisanaume.

Atapuma pantchito tinati tsopano mayi uja akhazikika. Anaguladi kanyumba kumtunda kwa tauni n'kukhalamo nyengo imodzi yachisanu, akudandaula tsiku ndi tsiku kuti nyumba yosagwedezeka siibweretsa tulo. Chisanu chitangotha anakagulitsa kanyumbako n'kugula kalavani yakale ya injini yakeyake, ija ya bedi kumbuyo, chitofu pakati, chiwongolero kutsogolo. Ukawafunsa kuti kodi kwanu n'kuti masiku ano, ankamenya chitseko cha kalavaniyo n'kukuyankha kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Zoti ng'onayo inali itakula kale, mpaka nyamakazi m'maondo, sankafuna kuzimva.

Galu anamutola ku Nebraska, kumalo osungira agalu osowa eni ake. Dzina lake anali Hank, chigalu chofiirira, mutu ngati chidebe, koma mantha okhaokha. Ankaopa mabingu, ankaopa amphaka, ndipo akasiyidwa yekha ankalira ngati pagwa maliro. Ankakhala pampando wakutsogolo, mphuno pagalasi, ndipo awiriwo anazungulira dziko lonseli osakangana. Hank analinso ndi ntchito ina imene sankaidziwa. Renae akaimba foni kuti Amayi bwerani tidzadye Khirisimasi limodzi, yankho linkakhala lokonzeratu: "Nanga Hank? Ku fulati kwako kuja salola agalu." Zinali zoona, ndipo a Marlys ankayamikira mumtima kuti zinali zoona.

Chaka chatha, chisanu cha kuno chitatha ndi masamba atangophuka, foni inawapeza ali ku New Mexico akuchapa zovala.

"Amayi, andipeza ndi chotupa m'bere," anatero Renae, mawu ali phee ngati akunena za mvula. "Ndikhala ndikulandira mankhwala a m'diripi chilimwe chonse. Akuti ndikatuluka m'menemo ndisamayendetse galimoto."

"Ndiye akuperekeza ndani?"

"Ndiona. Ndimangofuna mumve kwa ine."

Renae sanapemphe, poti anali atasiya kupempha kalekale. A Marlys anaponya zovala zonyowa pabedi n'kuliza injini. Njira yonse mtima unali m'mwamba, koma kuyendetsa kunkawatonthoza, chifukwa munthu amene ali panjira amaoneka ngati akuchitapo kanthu. Vuto linayamba atatsika chitunda cholowera ku Duluth, kumene Renae amakhala, nyanja itaonekera ndi mlatho wake. Anafunika malo oti kalavani iime chilimwe chonse pafupi ndi mwana wawo, ndipo malowo alole Hank.

Aliyense wa kuno amadziwa kuti misasa ya makalavani ya m'mbali mwa nyanja imadzaza chipale chofewa cha m'chisanu chisanasungunuke. Pa msasa woyamba, mtsikana wa pawindo sanadzutse n'komwe mutu. "Pepani amayi, anzanu anasungitsa malo chisanu chili pakati." Pa wachiwiri anayang'ana kalavaniyo, dzimbiri lili m'mbali, n'kunena mwaulemu kuti samalandira zakale. Pa wachitatu panali chikwangwani chachikulu cha galu akumwetulira, ndipo a Marlys anati apa ndiye tafika. Mwini wake anatuluka akutafuna chingamu, n'kusuzumira pawindo. Hank anamugwedezera mchira.

"Ndi mtundu wanji ameneyu?"

"Wosakaniza. Mayi ake anali galu wosaka abakha."

"Nanga bambo ake, chimbalangondo?" Bamboyo anapukusa mutu. "Agalu timalola, amayi. Koma mutu umenewo a inshulansi athu saufuna."

"Ndiye ndiudule, ndizikausiya pageti?"

Bamboyo anaseka, koma geti sanatsegule.

Pomalizira anapeza malo mu paki ya boma, kutali ndithu ndi tauni. Kumeneko agalu amawalola, mutu uliwonse, koma munthu sapitirira masabata awiri, ndipo galu sasiyidwa yekha. A Marlys anamva lamulo loyambalo n'kusangalala mobisa, lachiwirilo analimva ndi khutu limodzi.

Ulendo woyamba wa kuchipatala anapita ndi nyumba yonse. Anazula paipi ya madzi, kukulunga chingwe cha magetsi, kumangirira mapoto, n'kukamutenga Renae pakhomo pa fulati yake ngati basi. Kupita kunali bwino. Pobwerera, kalavani ikupendekera uku ndi uku m'misewu yotsetsereka ya Duluth, fungo la galu lili tolo, Renae anasanza mpaka misozi. Hank anamuika chimutu chake pabondo pofuna kupepesa, Renae n'kumukankha pang'onopang'ono.

"Galimoto yanga ilipo, Amayi. Tiziyendera imeneyo."

Galimotoyo inali yaing'ono, ndipo m'chilimwe sungatsekeremo galu padzuwa kwa maola ambiri. Choncho Hank anayamba kutsala m'kalavani, fani ikuzungulira, wailesi ikulankhula kuti aziyesa muli anthu. Hank sanapusitsike. Ankalira kuyambira galimoto ikamatuluka mpaka ikamalowa, ndipo anthu a m'matenti oyandikana, amene analipira kuti adzamve mbalame, anakadandaula. Mlonda wa paki anawachenjeza kamodzi mwaulemu. Masabata awiri atatha anasamukira ku paki ina, atatha enanso anabwerera. M'mawa uliwonse ankadzuka ndi foni m'manja, kuimbira misasa yonse ya mbali ino ndi ya tsidya la mlatho, kufunsa ngati wina wasintha maganizo. Ena anafika poidziwa nambala yawo.

Tsiku limene zinthu zinafika pothina, Renae anali pampando wa kuchipatala, diripi ili pamkono, duku lili kumutu poti tsitsi linali litayamba kuthothoka. A Marlys anali atakhala pambali pake, bondo likudumphadumpha, akuwerenga tsamba limodzi la magazini kachitatu. Foni inalira. Anali mlonda uja, ndipo ulemu unali utachepa. Anati galuyo wang'amba nsalu ya pawindo, akudziguguda pachitseko, ndipo akapanda kubwera msanga aitana a boma osunga nyama adzamutenge.

A Marlys anayang'ana botolo la diripi, linali lisanafike ndi pakati pomwe.

"Pitani," anatero Renae, maso ali chitsekere.

"Ndibwera usanamalize."

Sanabwere asanamalize. Panjira panali okonza msewu, monga zimakhalira kuno chilimwe chilichonse, ndipo pofika anapeza Hank atadzicheka phazi pa chitsulo cha chitseko. Pamene ankamaliza kumumanga bala ndi kumvera ulaliki wa mlonda, Renae anali atakwera kale takisi. Madzulo anamupeza atagona pasofa, beseni lili pansi.

"Mwana wanga, pepa. Galu uja..."

"Musadandaule, Amayi. Ndinazolowera."

Ananena mopanda mkwiyo, ndipo chimenecho n'chimene chinawalasa. Akanawakalipira bwenzi atayankha, poti pakamwa a Marlys sanagonjepo kwa kaputeni aliyense. Anatsuka beseni lija, kumufunditsa bulangete, n'kutuluka mwamanyazi.

M'mawa mwake anazula paipi ndi chingwe, n'kuyendetsa kalavani mpaka pageti la malo osungira agalu osowa eni ake. Anazimitsa injini. Hank anayang'ana nyumbayo, anamva kuuwa kwa anzake m'kati, n'kutsika pampando kukabisala pansi pa tebulo, thupi lonse likunjenjemera. A Marlys anamuitana kawiri, koma sanatuluke. Analiza injini n'kuchoka. Sankadziwa kolowera, choncho anachita zimene anachita moyo wawo wonse, kungoyenda. Anawoloka mlatho kupita tsidya la Wisconsin, n'kumatsata timisewu ta m'nkhalango, ndipo m'mutu munkabwera maganizo oipa akuti msewu womwewu ukautsatira osaima umakakufikitsa kutali kumene kulibe zipatala za ana ako.

Chikwangwani chimene chinawaimitsa chinali thabwa lolembedwa ndi penti yotsala. Kuseri kwa mitengo kunali kamsasa ka m'mbali mwa mtsinje, makalavani akale ali ndi makhonde amatabwa, maluwa m'zitini, agalu atagona paliponse. Mwini wake, a Duane Sorensen, anatuluka m'galaja atavala ovolosi ya girizi. Anali mkulu wogontha khutu limodzi, linalo losadalirika. Anayang'ana kalavani, anayang'ana Hank amene anali atatulutsa mutu pawindo, n'kumukanda kuseri kwa khutu.

"Amaluma?"

"Ayi. Amalira akatsala yekha."

"Amatani?"

"Amalira, bambo!"

"Alire. Ine sindimva, ndipo enawa ali ndi awo olira. Mukamachoka muzimusiya kugalaja kwanga, azindithandiza kugona." Analoza ndi sipanala kumapeto kwa msasa. "Malo alipo amodzi, eni ake anapita kokhalira okalamba. Koma ndikuuzirenitu, kuno si kogona lero n'kuchoka mawa. Dothi lake ndi lamakande, zolemerazi zikamalowa n'kutuluka zimandikumbira maenje. Wobwera kuno ndimamukweza pa mabuloko mpaka masamba atayoyoka."

"Matayala m'mwamba?"

"M'mwamba. Simukuona anzanuwo?"

A Marlys anayang'ana. Kalavani iliyonse inali itakhala pa mabuloko a simenti, udzu utamera pansi pake. Zimene anazifunafuna masabata onsewa zinali pamaso pawo, mlatho uli pafupi, galu walandiridwa, koma sanasangalale. Anachita mantha enieni, oposa amene anachitapo pa namondwe aliyense wa pa nyanja. Anati akaganize kaye. Anakwera, anatembenuza, anafika pageti. Pamenepo anaima injini ikulira, kumanja kuli msewu wa ku mlatho, kumanzere kuli msewu wa kwina kulikonse. A Duane sanawathamangire, anangobwerera m'galaja. Patapita nthawi anamva ndi khutu lawo losadalirika lija kalavani ikubwerera chafutambuyo.

Ntchito yokweza anaigwira masana omwewo. A Duane ankapopa jeke, mnzawo wina wa pamsasapo akulowetsa mabuloko, a Marlys akuzungulira ngati nkhuku yofuna poikira, akulangiza anthu amene sanawafunse. Tayala lomaliza litasiyana ndi dothi analowa m'kati n'kuponda mwamphamvu. Pansi panali gwa, osagwedezeka ngakhale pang'ono.

Ndikanati anasintha, ndikananama. Ankadzuka mbandakucha n'kuzungulira msasa ndi Hank mpaka galuyo atakana, ankapukuta chiwongolero chosapita kulikonse, ndipo sitima ikalira kunyanja ankaimika khosi. Koma masiku a diripi ankakhala pampando uja mpaka botolo litatha, bondo likudumpha, foni ili chete.

Atamuuza Renae kuti apeza malo a chilimwe chonse, iye anangoti chabwino, ngati munthu amene wamva kuti mawa kugwa mvula ndipo adikira aone. Lamlungu lina, thupi litamulola, anati akufuna akaoneko. A Marlys anasesa, anagula nsomba zowamba, anatulutsa mipando iwiri panja. Renae anatsika m'galimoto pang'onopang'ono, osayang'ana mipando, osayang'ana mtsinje. Anapita molunjika kumbuyo kwa kalavani, anagwira bondo n'kuwerama, n'kusuzumira pansi kwa nthawi yaitali. Kenaka anawongoka, anapita kutsogolo n'kukankha tayala ndi phazi. Linazungulira m'malere n'kuima.

A Duane anali akudutsa ndi Hank pambuyo. Renae anawaimitsa n'kulankhula mokweza kukhutu labwinoko.

"Bambo, munthu akafuna kuitsitsa imeneyi, zimatenga nthawi yaitali bwanji?"

A Marlys anali ndi mbale ya nsomba m'manja. Anamva funsolo bwinobwino, ndipo anadziwa chimene mwana wawo ankawerengera.

"Ntchito yake si yaitali," anayankha a Duane. "Koma jeke ndi yanga, ndipo sindibwereketsa masamba asanayoyoke."

Renae anagwedeza mutu n'kukakhala pa umodzi wa mipando ija. Anavula nsapato.