Buku Silichoka A Prosper Asanalimalize

A Prosper sankagulitsa buku lomwe sanaliwerenge mpaka kumapeto. Ankayala mabuku akale pakhonde la sitolo ya nsalu, kufupi ndi msika wa Zomba, ine ndikusoka nsapato pambali pawo. Mabukuwo ankawapeza kwa azungu otsika kuphiri ndi kwa aphunzitsi a kukoleji akamasamuka. Chingerezi ankachiwerenga ndi chala, milomo ikugwedera pang'onopang'ono.

Lina linali lonena za mmene nyenyezi zinayambira, ndiponso ngati thambo lili ndi malire. Ophunzira okhala ku Chikanda analilondola dzinja lonse.

"Madala, mayeso ayandikiratu."

"Dikirani. Pomwe ndafikapa dzuwa silinapangidwe n'komwe."

Atalimaliza analipereka atakwinya nkhope. "Masamba onsewa," anandiuza, "kuti pomaliza munthu anene kuti nayenso sakudziwa."

Kenako maso awo anachita ng'ala. Mwana wawo Clara anati Loweruka adzawatenga akakhale naye ku Malosa, mabuku otsala apatsidwe ena. Koma iwo anali pakati pa buku la moyo wa mayi wina wa m'mafilimu a kunja, amene ankasintha amuna ngati zitenje. Pomwe mayiyo ankathawa mwamuna wachinayi, zilembo zinasanduka nyerere. Za ku Malosa sankadandaula nazo. Chinkawawawa chinali kupita osadziwa kuti mayiyo anathera kuti. Ine sindikanawathandiza, Chingerezi changa chimathera pa nambala za nsapato.

Lachisanu masana kunafika a Modester, mkulu wa amayi a kutchalitchi kwathu, ali mu yunifolomu yoyera. Bukulo anali atalizungulira kwa nthawi. Ankandibweretsera nsapato zosang'ambika, maso ali pachikuto.

"Ili ndilichotse pano," anatero motsitsa mawu. "Likuwononga ana."

"Lichotseni, mayi," anatero a Prosper. "Koma silichoka ndisanalimalize, ndipo maso ndilibe. Khalani apa mundiwerengere."

Anayang'ana uku ndi uku, n'kukhala pabenchi yanga. Anayamba monong'ona.

"Kwezani, makutu nawonso akalamba."

Anakweza. A kabaza awiri anaimika njinga. Mayi wogulitsa sitiroberi za kuphiri anatula dengu n'kupempha kuti azimasulira. A Modester anamasulira, bwino zedi, mpaka kumasintha mawu pofika pa mwamuna wachisanu.

"Uyu ndiye wabodza weniweni," anatero okha. "Mwanawe, usalole!"

"Walola?" anafunsa a Prosper.

"Walola, chitsiru."

Abusa anadutsa wapansi, n'kuima pang'ono. A Modester sanadzutse mutu. Anali pakati pa ukwati.

Dzuwa litapendekera kuphiri anafika patsamba lomaliza. Mayi wa m'buku uja anakalamba m'nyumba yaikulu, amuna onse atawathamangitsa, akuweta mbuzi.

"Mbuzi?" anatero a Prosper. "Mwamasulira bwino?"

"Mbuzi, bambo. Chithunzi chake ichi."

Anachiyandikiza kumaso, sanaone kanthu, koma anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anatseka bukulo, n'kupukuta chikuto ndi mkono wa malaya.

"Tsopano lingapite," anatero, n'kulipereka kwa a Modester ndi manja awiri.