Paison Tembo Alanda Ng'oma ya Tchalitchi

Paison Tembo wa kufupi ndi Mtenguleni anali munthu wodzichepetsa kwambiri, ndipo akaona kuti sukudziwa zimenezi ankakuuza yekha. Mu 1934 anabwerako ku esiteti ya fodya komwe anali kapitawo, ali ndi jekete ndiponso akudziwa kuwerenga. M'mudzi mwathu munalibe mphunzitsi wa mishoni, choncho iye anayamba kutsogolera mapemphero m'katchalitchi kathu ka udzu.

Ulaliki wake unali umodzimodzi, wa Yohane Mbatizi, mpaka unatikola. "Abale, ine ndine wolambula njira chabe," ankatero akusisita jekete lake lija. "Tsiku limene adzabwere mphunzitsi weniweni, mudzandipeza kumbuyo uko, pansi, pamodzi ndi ana." Amayi ena ankalira nazo. Ine sindinalirepo, chifukwa ndinkamuona akuyendetsa maso kuti aone amene akulira ndi amene sakulira.

Mu 1942 mphunzitsi anabweradi, ndipo anali Sankhani, mng'ono wake wa bere limodzi, wochokera ku sukulu ya mishoni. Zokhala ndi ana zija zinathera pomwepo. Kwa ife Angoni wamng'ono salankhula chiimirire mkulu wake atakhala, amanjuta. Paison anakakamira mwambo umenewu ngati nkhupakupa pa khutu la galu. Lamulungu loyamba anafika atasenza mpando wake wandalema, nautambasula kutsogolo, moyang'anana ndi anthu.

"Mwana uyu ndinamubereka kumsana ine," anatero. "Lero aime pamutu panga?"

Sankhani anali wofatsa mopitirira, zimene zinkandikwiyitsanso. Ananjuta pansi n'kulalikira chinjutire. Ife akumbuyo sitinkamuona n'komwe. Tinkangoona Paison atakhala khwathalala pa mpando, akugwedeza mutu ngati mawuwo akuwavomereza ndi iyeyo asanafike kwa ife. Dzinja lonse linatha choncho, ndipo akulu a mpingo ankangokanda mitu, poti ndani angatsutse mwambo?

Lamulungu lina Sankhani anatenga nkhani yomwe ija ya Yohane. Anati Yohane ndiye anayamba kubadwa, koma anavomera pagulu kuti wobwera pambuyo pakeyo analipo kale iye asanabadwe, mapiri awa asanakhalepo, pakuti Mesiya alibe tsiku limene anayamba.

Paison anamudula pakamwa. "Ameneyo ndi Mesiya. Iwe tsiku lako loyamba ndikulidziwa, kunkagwa mvula ndipo ine ndinali ku ng'ombe."

"Zoona akulu, ine sindine Mesiya," anayankha Sankhani ali chinjutire. "Tonse awiri ntchito yathu n'kulozera anthu kwa Iye. Koma mpandowu ukuwatchinga."

Wina kumbuyo anaseka, ndipo sindibisa, ndinali ine. Madzulo ake akulu a mpingo anapinda mpando uja n'kukausiya pakhonde pa Paison.

Paison sanaulandire mwaulemu. Analowa m'tchalitchi n'kumasula ng'oma yoitanira anthu ku mapemphero, nati chikopa chake chinali cha ng'ombe yake. Analengeza kuti mapemphero enieni adzakhala pakhomo pake, pansi pa mtengo wa mango, ndipo tidzaona amene anthu amamudziwa. Sabata yonse mkazi wake Mainess anasesa bwalo, ana anasenza zipika zokhalira, iye akungoloza ndi ndodo.

Lamulungu m'mawa anaiimba ng'omayo ndi mphamvu zake zonse, jekete lili pathupi, thukuta lili kamukamu. Anthu anatulukadi m'nyumba zawo. Njira ya ku tchalitchi inkadutsa pakhomo pake penipeni, ndiye aliyense ankafika, amuna kuvula chipewa, amayi kugwada, "Mwauka bwanji a Tembo?", kenako n'kupitirira. Iye ankayankha moni ndi mutu, manja osaleka, maso ali pa zipika zopanda munthu. Ndinamumvera chisoni pang'ono, koma pang'ono zedi.

Womaliza kutuluka anali Mainess, atavala chilundu chochapa, mphasa ili m'khwapa. Paison anamulozera chipika chakutsogolo. Mainess anagwada patali pang'ono monga mkazi waulemu.

"Zikomo atate a Rozi, mwatidzutsa bwino, tikanachedwa," anatero. "Imbaninso kamodzi, a kutsidya sanamve."

Anaimirira, nalunjika ku tchalitchi.