Dzanja la Elube

Pa esiteti ina ya fodya ku Lisasadzi panalibe mayi wosoka masamba msanga ngati Elube. Koma chaka chatha dzanja lake lamanja linayamba kuchita dzanzi. Chala chachikulu ndi ziwiri zotsatira zinkanyerenyeza, singano n'kumangopulumuka. Kuchipatala anati mtsempha wafinyika pamfundo ya dzanja chifukwa cha ntchito, anamupatsa chomangira n'kumuuza kuti apume. Kupuma fodya atakhwima?

Fainala, mkazi wa tenanti wochokera ku Phalombe, anali ndi vuto lomwelo. Mchemwali wake wa ku Lilongwe anamutumizira kabotolo ka mafuta a maluwa otchedwa kamomaili. Masana aliwonse, mwamuna wake Zakeyo ankakhala naye pamthunzi wa chigafa choumitsiramo fodya, n'kumamupaka mafutawo pang'onopang'ono uku akumuseketsa.

Elube ankaona zonse, mtima ukumuwawa.

"Anthu akuluakulu kumasisitana pagulu ngati angokwatirana dzulo," ankatero kwa anzake. "Kwawoko manyazi kulibe."

Koma maso ake sankachoka pomwepo.

Tsiku lina singano itamugwa kachitatu, Fainala anabwera n'kumupungulirako mafutawo m'kabotolo kena.

"Achemwali, kayeseni. Ine akundithandizako, koma chomangiracho musasiye."

Elube anathokoza ndi mawu a pakamwa chabe. Atafika kunyumba anapeza mwamuna wake Yobu akukonza njinga.

"Bambo a Nthanda, tandipakaniko mafuta awa padzanjapa."

"Kodi lamanzerelo lafanso?" Yobu anafunsa.

Komabe anapukuta manja pabuluku, n'kumutikita mwamphamvu ngati akupaka girisi patcheni, maso ali panjinga. Mphindi isanathe anali atamaliza.

"Fungo lake labwino," anatero, n'kutola sipanala.

Masiku otsatirawo Elube ankadzipaka yekha kuseri kwa nyumba. Patatha masabata atatu dzanzi linachepako. Kaya anali mafutawo, kaya chomangira, iye sanadziwe. Koma Fainala atamufunsa, anayankha mouma:

"Palibe chasintha. Mwina amagwira anthu ena."

Fainala anamva chisoni ndipo analonjeza kuti amufunsira mankhwala ena ku Lilongwe. Kukoma mtima kumeneko kunamupweteka Elube koposa.

Fodya atatha, banja la Zakeyo linakwera lole kubwerera kwawo. Amayi onse anapita kumsewu kukatsanzikana nawo. Elube anati ali ndi zochapa, koma anaimirira kuseri kwa nkhokwe mpaka loleyo inazimiririka m'fumbi.