Buku la Pamwamba pa Kabati

Chidindo cha amalume chinali ndi chigwiriro chamtengo, chosalala ngati mpini wa khasu lakale. Ndikachikumbukira ndimamvanso fungo la makatoni a mabuku atsopano, ndi mphepo ya ku Chitipa ikuwomba malata mpaka fumbi kulowa pansi pa chitseko.

Chaka chimenecho amayi anali oyembekezera. Miyendo inawatupa, ndipo kuchipatala cha kwathu ku Nthalire anawauza kuti akadikirire kuboma. Ine chomwe ndinamvapo n'chakuti tikwera galimoto. Sukulu zinali zitatsekera, choncho amayi atatsala kuchidikiro ananditula kwa amalume, achimwene awo, amene ankayang'anira kalaibulale kena kufupi ndi msika.

Sabata yomwe ndinafikayo kunabwera mabuku a ana. Amalume sankadinda buku asanaliwerenge. Ankaimirira pazenera, magalasi ali pamphuno, n'kumaweruza mokweza ngati pali bwalo, chikhalirecho womvera ndinali ine ndekha.

"Ili likuyesa mwana chitsiru," ankatero, n'kuliika kumanzere. Ankadana ndi mabuku omwe tsamba lomaliza limasanduka ulaliki, ndiponso aja a zithunzi za ana oyera mapazi ngati sanapondepo dothi. Lina analinunkhiza dala n'kunena kuti Chichewa chake chikununkha Chingerezi. Koma onsewo ankawadindabe n'kuwaika pashelefu, amvekere, "Mwina wina alikonda, ine si mwana." Lero nanenso ndimagwira ntchito yomweyi, ndipo ndimaona kuti nthawi zina ankaonjeza. Ena mwa mabuku omwe ankawanyozawo ana ankachita kulimbirana.

Lomwe analikonda linali la mtsikana amene anakonza yekha njinga ya bambo ake. Anandipatsa ndi manja awiri ngati akupatsa munthu wamkulu. Kwathu tinkayankhula Chitumbuka, Chichewa chinali cha m'kalasi, ndiye ndinkawerenga mokakamira, chala chili pansi pa liwu. Amalume sankandithandiza msanga. Ankangopitiriza kupukuta mashelefu mpaka liwulo lituluke lokha, kenako n'kundiyamikira m'Chitumbuka kuti, "Yewo, mama."

Madzulo tinkapita kuchidikiro pa njinga, ine kumbuyo, buku lili m'malaya. Amayi ankakhala pamkeka ndi azimayi anzawo, mimba zili patsogolo, utsi wa mbaula uli tolo. Ndinkawawerengera tsamba limodzi kapena awiri. Mayi wina wa ku Kaseye ankaseka mpaka kugwira m'chiuno ndikapotoza mawu, kenako n'kundipatsa mbatata yootcha. Sindikumbukira nyengo ina ya ubwana wanga imene ndinkadzimva wofunika chonchi.

Pansi pa katoni yomaliza panali buku lachikuto chachikasu. Pachikutopo panali mtsikana wa msinkhu wanga atabereka khanda, akuyang'ana kumsewu. Amalume analiyamba ataimirira monga mwa masiku onse. Atafika pakati anakhala pansi, chinthu chomwe ndinali ndisanawaonepo akuchita ndi buku la ana. Atamaliza anavula magalasi, n'kumina nthawi yaitali, n'kunamizira fumbi.

"Ili sanalilembe bwino," anatero. Sanaliike kumanzere kapena kumanja. Anakwera pampando n'kulisiya pamwamba pa kabati.

Ndinachonderera. Ndinati ngakhale zithunzi zokha. Anakana, ndipo kanali koyamba kundikaniza buku. Ndinanyanyala tsiku lonse, chigumu chomwe anandigulira kumsika ndinachidya nditawafulatira.

Masiku omwewo amayi anawachotsa kuchidikiro n'kuwagoneka mu wodi. Anati ana saloledwa kulowa. Amalume ankapita okha m'mawa, ndipo akabwera ankayankhula za mabuku kuposa kale, mothamanga, osandiyang'ana kumaso. Tsiku lina anabwera mnansi kudzawanong'oneza pakhomo. Amalume anatseka laibulale dzuwa lili paliwombo, makiyi akuwagwa m'manja, n'kundisiya kwa mayi wogulitsa tomato. Ndinakhala pansi pa benchi yake ndi buku langa la njinga lija, ndipo ndinalimaliza lonse ndekha, koyamba m'moyo wanga. Ndinkangoganiza za mmene ndikawauzire.

Amalume anabwerako dzuwa litapendeka, njinga akuikankha, malaya atanyowa ndi thukuta. Anandinyamula m'mwamba, ine msinkhu wonse uja, pamaso pa anthu a mumsika.

"Uli ndi mlongo," anatero. "Ndipo amako ali moyo."

Ndinadabwa kuti chachiwiricho akuchineneranji. Amayi akanakhalanso chiyani? Ndinawauza zoti ndamaliza buku, iwo n'kuseka misozi ili mbwe.

Amayi anachira pang'onopang'ono, chifukwa anawachita opaleshoni. Tinabwerera ku Nthalire pa lole, khanda lili m'bulangeti, ine chala chili chodetsedwa ndi inki chifukwa tsiku lomaliza anandilola kudinda mabuku otsala.

Buku lachikasu lija ndinadzalipeza nditakula, pashelefu ya kuntchito kwanga, makona atapindika ndi manja a ana. Ndinaliwerenga nditaimirira, kenako nanenso ndinakhala pansi. Ndi nkhani ya mtsikana amene mayi ake anapita kuchipatala kukachira, n'kubwerako khanda lokha. Silimalalikira, silimanama, ndipo pa mabuku onse a m'makatoni aja palibe lofika pamenepo. Ndimalipereka kwa ana ambiri, koma ndimayamba ndafunsa kuti kunyumba kuli bwanji.

Nditawakumbutsa amalume, amene tsopano anapuma ntchito ndipo amalima nyemba, anangoti, "Likanakhala loipa ndikanakupatsa."

Koma pa lole paja, fumbi la msewu wa ku Nthalire likutilowa m'mano, ndinali ndidakali ndi kachakukhosi. Ndinawauza amayi kuti amalume ndi omana, anandibisira buku lokongola kuposa onse. Amayi anandikokera pachifuwa pawo, mbali yomwe panalibe khanda, n'kundigwira zolimba mpaka kundipweteka. Ine ndinkayesa akuopa kuti ndigwa.