Madzi a Kumbuyo kwa Galimoto

Titangosamukira ku Joondalup, kutsidya kwa nyanja, ndinkawaopa mayi a nyumba yoyandikana nafe. Anali a ku Turkey, okalamba, afupiafupi, mpango kumutu nthawi zonse. Chinandiopsa n'chakuti tsiku lina m'mawa, mwamuna wanga akunyamuka ulendo wa kumudzi, mayiwa anatuluka ndi jagi ya madzi n'kukhuthulira pamsewu, kumbuyo kwenikweni kwa takisi. Ine wokulira ku Zomba, zoterozo ndikanazimva bwanji? Ndinalowa m'nyumba n'kugwada kupemphera. Mtima unakhala m'malo bambowo ataimba foni kuti afika ku Lilongwe.

Ndinadzawafunsa patapita masiku, titakumana potulutsa mabini a zinyalala. Anaseka mpaka kugwirira mpanda. Chingerezi chawo chinali chodukaduka, koma ndinamva. Kwawo munthu akamapita ulendo amamuthirira madzi kumbuyo, kuti ayende bwino ngati madzi, abwerenso msanga. Manyazi anandigwira, ndipo atandiitanira tiyi sindinathe kukana.

Tiyi wawo ankabwera m'timatambula tating'ono, ndipo sunkamumaliza usanamve za Amasya, tauni ya kwawo. Ankati mtsinje umadutsa pakati pa tauniyo, nyumba zakalekale zamatabwa zitasuzumira pamadzi, moti ali mtsikana ankataya makoko a maapozi pawindo n'kugwera mumtsinje. Kuseri kwa nyumbazo kuli thanthwe lalitali limene anthu akale anagobamo manda a mafumu awo, ndipo pamwamba penipeni pali linga. Ana a mafumu, ati, ankatumizidwa kumeneko kukaphunzira kulamulira. Za maapozi ndiye osanena. A kumsika wa ku Canning Vale, amene mwana wawo wamwamuna ankabwera nawo poweruka kuntchito, ankangoluma kamodzi n'kukwinya nkhope.

Nanenso sindinkagonja. Phiri? Ku Zomba liliko. Mbiri yakale? Likulu linali kwathu. Atadziwa kuti ndine namwino, ananditchulira chipatala chamakedzana cha kwawo, kumene odwala maganizo ankawachiza ndi nyimbo komanso kaphokoso ka madzi oyenda.

"Chipatala cha odwala maganizo nafenso tili nacho, mayi," ndinatero.

"N'chifukwa chaketu timamvana," anayankha, akundiwonjezera tiyi.

Ndinawakonda mayi aja, ndisabise. Ondibereka anali atatisiya kale, ndipo apa ndikaweruka shifiti miyendo italema, ndinkapeza mbale ya supu ikundidikira pakhomo. Ulendo wathu uliwonse, ngakhale wa pafupi, jagi inkatuluka. Nanenso ndinatengera. Akamapita kwa mwana wawo wamkazi ku Melbourne ndinkawathirira madzi, ndipo ankabweradi, n'kundiyamikira ngati ndege ija ndayendetsa ndine.

Chaka chatha anayamba kuonda. Ntchito yanga inandizoloweza kuona matenda pankhope ya munthu, choncho sindinafunse zambiri. Kenaka mwana wawo wamwamuna uja anandiuza kuti awaperekeza ku Turkey. Tikiti yake inali yobwerera, ya mayi ake yongopita.

Kutatsala tsiku limodzi ndinakakhala nawo masana onse. Titamwa tiyi anandigwira dzanja.

"Mwana wanga, mawa usathire madzi."

"Chifukwa chiyani, mayi?"

"Madzi ako amagwira ntchito kwambiri. Ndatopa nako kubwerera. Ndikufuna ndikagone pomwe ndizimva mtsinje, pafupi ndi manda a mwamuna wanga."

Ndinangogwedeza mutu. Mumtima sindinavomere ngakhale pang'ono. Ndinkawafuna kuno, pa mpanda pathu, akunyoza maapozi.

M'mawa mwake manja anga anadzaza okha jagi ija, ndipo ndinatuluka nayo nditaibisa kumbuyo. Koma maso a mayi aja sankaphonya kanthu. Atakhala kale m'galimoto anatsitsa galasi n'kundiloza chala, akumwetulira. Galimoto inanyamuka pang'onopang'ono, ine nditaima pamsewu, jagi ikundilemera. Kadontho kamodzi kokha, akanadziwa ndani? Koma mayi aja anali asanandipemphepo kanthu chiyambire kudziwana kwathu, ndipo chimene anapempha tsopano chinali kupita kwawo.

Galimoto inakhota pakona msewu uli wouma. Madziwo ndinakathirira kamtengo ka mandimu kamene anandisiyira, ndikulira.